Dalaivala Watsopano ndi Katundu Wake

Kale, misewu ya galimoto isanalambulidwe m'dziko muno, katundu wambiri wa amalonda ndi wa boma ankayenda pamitu pa anthu. Ogwira ntchito imeneyi ankatchedwa amtengatenga, ndipo ambiri a iwo anali Angoni a kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza, amene ankatsikira ku Blantyre kukafuna ndalama ya msonkho. Kampani ya Mandala, imene inayamba malonda ake m'chaka cha 1878, inkalemba anthu otere ochuluka. Njanji inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, koma mapiri athu ano sinawakwere. Ngakhale ansembe amene anakhazika mishoni ya kwathu ku Nzama m'chaka cha 1901, mabokosi awo anakwera zitunda zimenezi ali pa nkhata.

Agogo anga aamuna ankasimba zimene anamva kwa atate awo, amene anasenzako mitolo imeneyi. Ankati m'mawa wa tsiku la ulendo, kapitawo akandandalika katundu pabwalo, munthu wochenjera sankathamangira mtolo waung'ono, pakuti kabokosi kakang'ono ndiko kankakhala ka misomali. Iye ankayamba waunyamula mtolowo, nauyesa pamutu, naugwedeza kuti amve ngati za m'kati zikuyendayenda. Mtolo wa nsalu, ngakhale unali waukulu, unkakhazikika bwino. Wa mchere unkasungunuka mvula ikagwa, madzi ake n'kumatsikira m'maso. Wosenza ufa wa paulendo ndiye ankaseka, chifukwa katundu wake ankapepuka tsiku ndi tsiku.

Masiku ano nkhata tinaitaya, ndipo katundu amene akadafuna amuna oposa 1,000 amatengedwa ndi munthu mmodzi atakhala pampando. Koma funso la mtengatenga uja likadalipo. Mnyamata amene wangolandira laisensi ya galimoto yaikulu amaganiza za kukongola kwa galimoto ndi kulira kwa injini yake, za katundu saganizako konse. Chikhalirecho katunduyo ndiye adzamuuza nthawi yogona ndi yodzuka, ndiye adzamuuza ngati ana ake adzawaona Loweruka lililonse kapena kamodzi pa miyezi iwiri, ndiponso mtundu wa ngozi imene ayenera kuiopa.

Ine ndinayamba ntchito ya m'misewu m'chaka cha 2008 monga mnyamata wa pa lole, womanga zingwe ndi woika miyala kumatayala pachitunda. M'chaka cha 2011 ndinapeza laisensi ya lole yaing'ono, ndipo m'chaka cha 2014 ndinaikwezetsa kufika pa ya thiraki. Ndalama za sukulu yoyendetsa galimoto zinachokera m'munda wa kachewere umene tinalima ndi mkazi wanga nyengo ziwiri. Malaisensi amenewa ali ndi zilembo zake: C1 ndi ya lole yocheperapo, C ndi ya lole yaikulu, ndipo EC ndi ya thiraki yokoka ngolo yaitali. Pamwamba pa laisensi, woyendetsa galimoto monga ntchito ayenera kukhalanso ndi chiphaso china, nachonso cha zilembo: G ndi ya katundu wamba, P ndi ya anthu, D ndi ya katundu woopsa monga mafuta. Inu amene mwaphunzira zilembo muli akuluakulu, taonani kuti chilembo chimodzi chingathe kutsegulira munthu khomo kapena kumutsekera.

Ena a inu mudzati: "Kodi dalaivala watsopano ali ndi chosankha? Si paja wopempha salira nyama ya mafuta?" Kunena zoona, ntchito ndi zochepa ndipo malaisensi ndi ambiri, kotero kuti anyamata ochuluka amangolowa pakhomo limene latseguka. Koma ngakhale zili choncho, munthu amasankha pakhomo pamene agogode, amasankha dalaivala wamkulu amene amutsatire, ndipo akakhala zaka ziwiri pa katundu wa mtundu umodzi, eni galimoto amayamba kumudziwa monga munthu wa katundu ameneyo. Kwa ine makomo anatseguka atatu m'chaka chimodzi, ndipo ndinakhala mwezi wathunthu ndisakugona bwino.

Khomo loyamba linali lakuti ndikhalebe pa katundu wa kwathu. Dziko lathu lino la mapiri ndi lozizira, ndipo Mulungu analipatsa kachewere, kabichi, anyezi, matimati ndi nyemba. Aliyense wodutsa pa Lizulu kapena pa mphambano ya ku Tsangano amaona milu ya zinthu zimenezi m'mbali mwa msewu, zina zolimidwa kuno, zina zochokera tsidya lija la Angonia ku Mozambique, pakuti m'dera limenelo msewu waukulu ndiwo malire a maiko awiriwa. Katundu ameneyu ndiye amadyetsa misika ya ku Limbe, ku Ndirande ndi ku Wakawaka mu Lilongwe.

Ndinaunyamula katundu ameneyu zaka zitatu, ndipo ndimaudziwa monga ndidziwira khasu langa. Ubwino wake woyamba ndi wakuti amaphunzitsa munthu kuyendetsa. Misewu ya m'midzi mwathu ndi yadothi, ndipo nthawi ya dzinja lole yodzaza kachewere imaterereka pachitunda ngati nsomba ya mlamba m'manja. Amene waphunzira kutsika ndi giya yaing'ono pamatope a kwathu, osadalira mabuleki, sadzaopanso chitunda china chilichonse. Amaphunziranso kukonza galimoto ndi waya ndi mwala, pakuti kumunda kulibe makaniko. Ubwino wachiwiri ndi wakuti munthu amagona kwawo kawiri kapena katatu pa mlungu, ndipo maliro a pamudzi samudutsa.

Koma kachewere ndi matimati sizidikira munthu. Timapakira madzulo, n'kuyenda usiku wonse kuti tikafike pamsika kusanache, chifukwa wofika dzuwa litatuluka amapeza ogula atamwazika. Galimoto ikafera panjira tsiku limodzi, matimati amayamba kuchucha madzi, ndipo eni ake amakuyang'ana ngati ndiwe wawawoletsa. Ndiponso eni katunduyo ndi ambiri. Lole imodzi imatenga matumba a anthu khumi kapena khumi ndi asanu, aliyense ndi chizindikiro chake cholemba ndi makala, ndipo aliyense amafuna kukwera kuti aperekeze chuma chake. Matumba a kachewere amawasokerera pamwamba mpaka thumba limodzi kulemera ngati awiri, koma polipira amawerenga limodzi. Tsono lole ya matani asanu ndi awiri imanyamuka itasenza khumi, amayi ndi ana kumbuyo atakhala pamwamba pa matumba, usiku, m'nkhungu ya ku Mlangeni. Kanthu kameneka ndiko kankandisowetsa mtendere. Thumba likagwa timalitola, koma munthu akagwa pa lole yothamanga palibe chotola. Lamulo limaletsa, ndipo woimbidwa mlandu ndi dalaivala, koma mnyamata amene akana kukweza anthu amapeza mawa lake kuti mwini lole walemba wina.

Za fodya sindinena zambiri, chifukwa kwathu kuno si kwa fodya kwenikweni. Msika wake umatsegulidwa cha mu April, ku Kanengo mu Lilongwe, ku Limbe, ku Chinkhoma m'boma la Kasungu ndi ku Mzuzu. Mabelo sawola msanga ndipo sakwera ndi eni ake, koma amaopa madzi, ndipo mu belo limodzi muli thukuta la banja lonse la chaka chathunthu. Wonyamula fodya aphunzire kudikira, pakuti angathe kugona pansi pa lole masiku angapo asanatsitse, akuphika nsima pambaula. Msika ukatsekedwa, ntchito yathanso. Ng'ombe nazo zili ndi malamulo ake: pafunika kalata ya alangizi a ziweto, ndipo matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka, monga achitira kawirikawiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje, boma limaletsa kuyendetsa ziweto. Ngakhale ndine Mngoni wokonda ng'ombe, sindikonda kuimva ikulira kumbuyo kwanga makilomita 200.

Pali katundu wina amene amayamba yekha kufunafuna dalaivala watsopano, ndiye makala. Munthu amakupeza pamene waima, nanena mokoma kuti, "Achimwene, mukubwerera opanda kanthu, bwanji tiikemo timatumba makumi atatu?" Ndalama yake ndi ya m'manja, mwini galimoto sadziwa. Koma lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa m'chaka cha 2020, ndipo khoti lingathe kulanda galimoto yopezeka ndi makala opanda chilolezo. Wogulitsa makalayo amathawira kutchire, amene amatsala pamsewu ndi dalaivala ndi galimoto ya mwini wake. Ndipo ife a kumapiri tikuona ndi maso athu mitsinje ikuphwa kumene mitengo inatha.

Khomo lachiwiri linatseguka chifukwa cha mnzanga wa pamudzi, amene tinkaweta naye mbuzi tili ana. Iye anali atayamba kale kuyenda njira ya ku Beira, ndipo anandiuza kuti angathe kundilankhulira kwa bwana wake. Dziko lathu lilibe doko la nyanja yamchere, motero feteleza, mafuta, tirigu, mankhwala ndi zovala zimalowa kudzera ku Beira ndi ku Nacala m'dziko la Mozambique, ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania, kapena ku Durban ku South Africa. Fodya, tiyi, shuga ndi nandolo zimatulukiranso komweko. Kuchokera ku Blantyre kufika ku Beira ndi makilomita pafupifupi 800: munthu amatulukira pa chipata cha Mwanza, nalowa pa Zóbuè, nawoloka Zambezi pa Tete, napitirira ku Changara, Catandica, Chimoio ndi Inchope. Ochokera ku Lilongwe amatulukira pa Dedza.

Katundu wambiri wa njira imeneyi ali m'makontena, mabokosi aakulu achitsulo otsekedwa ndi chidindo. Dalaivala sasenza kanthu, samanga chingwe, savutika ndi tenti. Ntchito yake ndi kusunga mapepala ndi kuonetsetsa kuti nambala ya chidindo ndi yomweyo imene yalembedwa. Amalandira ndalama ya paulendo pamwamba pa malipiro a pamwezi, ndipo amaona maiko. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ankatero mnzangayo, ndipo mtima wanga unkavomereza.

Koma ife a ku Ntcheu njira imeneyi timaidziwanso mwa mtundu wina. Nkhondo ya ku Mozambique itakula, njanji za ku Beira ndi ku Nacala zinatsekeka pofika m'chaka cha 1984, ndipo mathiraki ankadutsa ku Tete ali pamdipiti, asilikali a ku Zimbabwe akuwaperekeza. Othawa nkhondoyo anadzaza midzi yathu ya m'malire, mpaka mtendere unasainidwa ku Rome m'chaka cha 1992. Mfuti zinamvekanso pamsewu wa ku Beira m'chaka cha 2016, pamene galimoto zina za ku Malawi zinawotchedwa. Mu March 2019 namondwe wotchedwa Idai anasakaza mzinda wa Beira ndi kudula msewu wake. Zotere sizichitika chaka chilichonse. Chimene chimachitika ulendo uliwonse ndi kudikira: padoko, pachipata, pa sikelo, masiku awiri, masiku asanu, m'kutentha kwa ku Tete kumene munthu wa kumapiri amaona ngati alowa m'ng'anjo. Udzudzu wakumeneko suchita manyazi. Ndipo pamene pagona madalaivala ambiri okhala ndi ndalama m'thumba ndi opanda chochita, pamamera mowa ndi zibwenzi. Sindifuna kuneneza anzanga, ambiri ndi anthu odzisunga, koma manda a madalaivala amene anatengedwa ndi matenda a Edzi m'zaka za m'ma 1990 ali m'midzi yonse ya m'mbali mwa msewu, ndipo akazi awo anawatsatira.

Pa njira za m'malire palinso katundu amene dzina lake silitchulidwa. Pa 24 March 2020, pa sikelo ya Mussacama m'chigawo cha Tete, oyang'anira anatsegula kontena ya thiraki yochokera ku Malawi, napezamo mitembo ya anthu 64 a ku Ethiopia amene anafa chifukwa chosowa mpweya. Amoyo anali 14 okha. Anthu amenewa ankapita ku South Africa kukafuna ntchito, monga achitira ana athu. Amene amakonza maulendo otere amafuna dalaivala wa ngongole kapena wachinyamata wofulumira kulemera. Dziko lathu lili ndi lamulo la m'chaka cha 2015 loletsa kuzembetsa anthu, ndipo chilango chake ndi zaka zambiri m'ndende. Koma ngakhale pakadapanda lamulo, munthu angayendetse bwanji galimoto akumva anthu akugogoda chitsulo kumbuyo kwake?

Mnzanga uja cholinga chake chinali pa galimoto ya thanki, ndipo ankafuna kuti tidzakwere limodzi. Pakati pa madalaivala, onyamula petulo ndi dizilo ndiwo amaoneka ngati mafumu. Malipiro awo ndi okwera, zovala zawo ndi zoyera, ndipo mafuta akasowa m'dziko, monga zinachitikira m'zaka za 2011 ndi 2012 ndiponso m'chaka cha 2024, anthu amawaombera m'manja polowa mumzinda. Eni galimoto zotere salemba munthu wa dzulodzulo, amafuna wa chiphaso cha D ndi zaka zingapo zopanda ngozi. Chifukwa chake n'chomveka. Thumba la simenti limakhala pamene waliika, koma mafuta amayenda. Ukaponda mabuleki amathamangira kutsogolo n'kukankha galimoto, ukakhota amathamangira kumbali. N'chifukwa chake thanki imagawidwa m'zipinda, ndipo thanki yosadzaza ndi yoopsa kuposa yodzaza. Pamenepa ndinakumbukira mtengatenga uja wogwedeza mtolo kuti amve ngati za m'kati zikuyenda.

Choopsa china cha mafuta ndi chakuti aliyense amawafuna, ndipo m'njira monse muli anthu a zigubu. Pa 17 November 2016, pamudzi wa Caphiridzange m'boma la Moatize, galimoto ya thanki imene inali pa ulendo wochokera ku Beira kudza kuno inaphulika anthu akutunga petulo, ndipo anafa oposa 70, ena a iwo ana. Zimenezi zinachitika ine nditasankha kale, koma madalaivala akale ankachenjeza za moto wotere kuyambira kalekale.

Khomo lachitatu linali losaoneka bwino konse. Mkulu wina wa ku Limbe, mwini mathiraki anayi akale, ankafuna dalaivala wonyamula matumba m'dziko momwe muno: feteleza, simenti, chimanga, mchere, shuga wa ku Nchalo, chilichonse chimene chapezeka, kuchokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe ndi kubwerera. Malipiro ake sankafika pa a ku Beira. Koma msewu wa M1, wa makilomita opitirira pang'ono 300, ukachoka ku Lunzu ndi kuwoloka Shire pa Zalewa, umadzera pa Phalula, pa Chingeni, pa Kampepuza, n'kudutsa pakati penipeni pa boma la Ntcheu.

Ndinapita nayo nkhaniyi kwa amalume, pakuti bambo anga anali atatisiya kale. Ndinawapeza akusema mpini, ndipo anamvetsera osandiyang'ana. Nditamaliza anati, "Iwe, pa zitatuzi, ndi katundu uti amene ukamutaya ungathe kumulipira?" Ndinayankha kuti, "Amalume, thumba la feteleza ndingalipire ndi malipiro anga, ngakhale movutika. Kontena kapena thanki, ngakhale titagulitsa ng'ombe zonse za pamudzi pano sitingakwanitse. Munthu wogwa pa lole ndiye alibe mtengo." Iwo anapitiriza kusema, kenaka anati, "Mayi ako maso ayamba kuchita khungu. Mlongo wako ali ku Joni. Sindikuletsa ayi, ndangokukumbutsa." Mkazi wanga ndiye sanazungulire. Anati, "Bambo, malata ndikuwafuna, koma ndinakwatiwa ndi inu, sindinakwatiwe ndi foni." Ndinalowa khomo lachitatu.

Tsono ndikuuzeni za matumba, popeza ndakhala nawo zaka zoposa khumi. Thiraki yanga imatenga matani 30, ndiwo matumba 600 a makilogalamu 50. Ntchito yoyamba ndi kuwerenga. Amaganyu akamapakira amathamanga ndi kuimba, ndipo dalaivala amene wapita kukamwa tiyi pa nthawi imeneyo adzasaina matumba 600 atanyamula 594. Asanu ndi limodzi otsalawo adzadulidwa pa malipiro ake. Ine ndimaima pamenepo ndi kabuku, ndikulemba mzere uliwonse, ndipo thumba long'ambika ndimalikana lisanakwere. Pepala la katundu ndimaliwerenga lonse, ndi mawu ang'onoang'ono omwe, ndisanaikepo dzina langa. Ndinaonapo dalaivala wamkulu, wodziwa msewu kuposa ine, akulira misozi chifukwa anasaina pepala limene sankatha kuliwerenga. Kwa wonyamula katundu, kuwerenga ndi kuwonkhetsa ndi zida zofanana ndi jeke ndi sipanala.

Ntchito yachiwiri ndi kuyala katundu. Lamulo limati galimoto yaikulu koposa isapitirire matani 56 pamodzi ndi katundu wake, koma pa sikelo sayeza kulemera konse kokha, amayezanso mzere uliwonse wa matayala. Munthu angathe kunyamula matani oyenera, koma ngati waunjika matumba ambiri kutsogolo kapena kumbuyo, adzalipira chindapusa ndipo adzayalanso katundu yense padzuwa. Anzanga amadandaula ndi masikelo, koma ine ndimati amene anaona mmene thiraki yolemetsa imakumbira phula ngati khasu sangadane nawo. Msewu umenewu ndi womwe ambulansi imadzeramo. Kuyambira mu November 2021 timalipiranso pa chipata cha Chingeni, ndipo kuyambira mu January 2022 pa Kalinyeke ku Dedza, ndalama zimene anati ndi zokonzera misewu.

Yachitatu ndi tenti. Simenti ikanyowa imasanduka mwala, shuga amasanduka manyuchi, feteleza amaundana. Kufunda tenti pa thiraki yaitali ndi kumanga zingwe zake kumatenga ola lathunthu ndipo kumang'amba zikhatho. Pachitunda chachitali, pamene galimoto yolemera imayenda ngati nkhalamba, anyamata akuba amakwera kumbuyo usiku, nang'amba tenti ndi mpeni, nagwetsa matumba. Shuga ndi feteleza ndizo amazikonda, simenti saivutikira kwenikweni. Chifukwa cha ichi ine ndimakonza ulendo kuti zitunda zodziwika ndizidutse kukuwala, ndipo ndikapatsidwa mwayi wosankha pakati pa shuga ndi simenti, ndimatenga simenti ngakhale fumbi lake limalowa m'chifuwa. Anzanga amandiseka kuti ndine dalaivala wotuwa.

Katundu wa matumba ali ndi nyengo zake monga munda. Kuyambira mu September mpaka mvula itagwa ndi nthawi ya feteleza, makamaka chiyambire m'chaka cha 2005 pamene boma linayamba kuthandiza alimi kugula feteleza motsika mtengo. M'miyezi ya chilimwe anthu amamanga, tsono simenti imayenda. Pokolola timanyamula chimanga, soya ndi mtedza kuchokera kumidzi kupita kumizinda, ndipo chaka cha njala timachinyamulanso chimanga chomwecho kubwerera nacho kumidzi. Pali miyezi ina, makamaka January ndi February, imene thiraki imakhala pabwalo milungu iwiri yopanda katundu. Nthawi imeneyo ine ndimakhala kuno ndikupalira ndi kubandira, pamene mnzanga wa ku Beira akulipira aganyu. Mwini galimoto wanzeru amafunsa za katundu wobwerera nawo asananyamuke, pakuti thiraki yopanda kanthu imamwabe dizilo, ndipo ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, matayala ndi zitsulo zinakwera mtengo kotero kuti ulendo umodzi wopanda katundu umadya phindu la maulendo awiri.

Mnzanga uja anafikadi pa galimoto ya thanki m'chaka cha 2019. Nyumba yake ndi ya njerwa zowotcha, ya malata ofiira ndi magetsi a dzuwa, ndipo ndiyo yokongola koposa m'mudzi mwathu. Ana ake ali kusukulu zogonera komweko. Ndi munthu wosamala, samwa mowa, ndipo ndimamulemekeza. Amabwera kumudzi katatu kapena kanayi pa chaka, ndipo akabwera timakhala pakhonde pake mpaka usiku, iye akusimba za ku Dar es Salaam ndi mapiri a ku Mbeya, ine ndikumuuza amene anamwalira ndi amene anakwatira. Nthawi zina ndimamusirira, ndipo iye anandiuzapo kuti nayenso amandisirira.

Nyumba yanga malata anakwera m'chaka cha 2018, mbali imodzi, ndipo mbali inayo m'chaka chotsatira. Mayi anga anakhala zaka zisanu ndi chimodzi osaona, ndipo m'zaka zimenezo panalibe mlungu umene sanamve mawu anga. Ndikadutsa pa boma ndinkaimika thiraki pamalo pa mlonda wodziwana naye, n'kukwera njinga yamoto kupita kumudzi ndi kathumba ka shuga ndi sopo, n'kubwerera mbandakucha. Ankandizindikira ndi fungo la dizilo ndisanalankhule, nati, "Wafika wa malole uja." Pamene anamwalira, m'mwezi wa June 2020, uthenga unandipeza ndili pa Linthipe, ndipo ndinafika thupi lisanasambitsidwe.

Chaka chino mnzangayo wabweranso ndi mawu akuti kwa bwana wake kukufunika dalaivala wokhwima, ndipo zaka zanga zopanda ngozi zikukwanira. Zinthu zasintha: mayi kulibe, mwana wathu woyamba wasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo fizi siidziwa kuti bambo ake amakonda kugona kwawo. Mkazi wanga, yemwe uja anakana kukwatiwa ndi foni, nthawi ino wangoti, "Tiyeni tiwerengere kaye." Tagula kabuku katsopano, ndipo madzulo timalemba mbali imodzi fizi, feteleza wa m'munda ndi mbewu ya kachewere, mbali inayo malipiro a matumba ndi a thanki. Mnzangayo ndamuuza kuti ndidzamuyankha tikakolola. Lolemba likudzali ndili ndi matumba 600 a simenti opita ku Lilongwe, ndipo mitambo ya ku Dedza ikuoneka yakuda, kotero mawa ndikhalira kusoka tenti.